Jini, majini ndi "za m'magazi": mayankho pa mawu a za m'maselo

Mphunzitsi wina amene akuwonjezera maphunziro ku Domasi walemba kuti: "Ndinauza ana a Folomu 3 kuti munthu aliyense ali ndi majini pafupifupi 20,000. Kalasi yonse inachita phokoso, ndipo mtsikana wina anati agogo ake anagwidwapo majini mpaka anapita nawo kwa sing'anga. Kodi mawuwa ndiwasiye?"

Aphunzitsi, anawo anamva bwino Chichewa chawo. Kuno ku Zomba, kuyambira ku Chinamwali, Songani, Malosa mpaka kulowera ku Machinga, mawu oti majini ali ndi mwini wake kale: ndi mizimu imene imagwira munthu. Gwero lake ndi Chiarabu, anadzera m'Chiswahili, ndipo Ayao amene ankachita malonda ndi anthu a kugombe la nyanja ya mchere anawadziwa kalekale. Jini la sayansi ndi mlendo wa dzulodzuloli. Dzina lake analipeka ndi Wilhelm Johannsen wa ku Denmark mu 1909, patatha zaka zoposa 40 chisindikizireni Gregor Mendel zimene anapeza pobereketsa nsawawa m'munda wa nyumba ya ansembe ku Brno mu 1866. Mawu awiriwa alibe chibale. Angofanana katchulidwe atalowa m'kamwa mwathu.

Musawasiye, chifukwa ana adzakumana nawo m'mabuku ndi pamayeso. Koma yambani ndi chinthucho, dzina libwere pambuyo. Auzeni kuti m'phata la selo muli ulusi wautali wotchedwa DNA, wolembedwa ndi zilembo zinayi zokha, A, T, C ndi G, ndipo kachigawo ka ulusiwo kokhala ndi malangizo opangira chinthu chimodzi, kawirikawiri puloteni, ndiko timati jini. Akagwira zimenezi, muziti "majini a m'maselo" mpaka khutu lizolowere. Mgwirizano wake ndi wa buku ndi mabuku: jini ili, jini la khungu, majini awa.

Ena amati bwanji tingoti chibadwa. Ine ndimakana. Chibadwa ndi mmene munthu kapena nyama ilili yonse, sichiwerengeka, ndipo palibe anganene kuti ali ndi zibadwa 20,000. Ena amati mbewu. Awa ndiye ndimawaopa kwambiri, chifukwa pa nkhani ya kubereka Mchewa akamva mbewu amaganiza za mwamuna, mkazi n'kukhala munda. Sayansi ikunena zosiyana: mwa makromozomu 46 (mitolo ya ulusi wa DNA uja) amene ali m'selo la munthu, 23 amachokera kwa mayi, 23 kwa bambo.

Funso lachiwiri lachokera kwa wophunzira wa sayansi ya zamoyo ku Chirunga, amene akukonzekera kukayankhula pa wailesi ya m'dera. Akuti: "Kafukufuku wathu ndi wa gene expression. Mnzanga akuti tinene kuti kufotokoza kwa jini, wina akuti kuonekera kwa jini, ine ndikuti kudzuka kwa jini. Wolondola ndani?"

Funso limeneli ndi limene landisangalatsa kuposa onse, chifukwa vuto lake lili pa mneni. Dzina la chinthu chachilendo tikhoza kubwereka, monga tinachitira ndi selo, puloteni ndi kompyuta. Mneni ndi amene amauza womvera chimene chikuchitika, ndipo akakhala wobwereka kapena wokhota, womvera amatsala ndi dzina lopanda kanthu m'kati.

Tione kaye chimene chimachitikacho. Selo la pakhungu lanu, la m'chiwindi ndi la mu ubongo, onsewa ali ndi DNA yofanana, zilembo pafupifupi 3 biliyoni kuchokera kwa kholo lililonse. Chimene chimasiyanitsa khungu ndi chiwindi ndi chakuti selo lililonse limawerenga zigawo zake zokha, zina n'kuzisiya. Kuno ku Zomba kuli nyumba yosungira zolemba zakale za dziko lathu. Munthu wofufuza mbiri ya mudzi wake satenga mafailo onse kupita nawo kwawo. Amaitanitsa imodzi, amakopera tsamba limene akufuna, n'kutuluka ndi zimene wakoperazo, failo n'kutsala. Selonso limatero. DNA situluka m'phata. Jini likafunika, malangizo ake amakoperedwa pa kaulusi kakafupi kotchedwa RNA, kamene kamalemba U pamene DNA imalemba T. Kaulusiko kamatuluka m'phata kupita ku timakina ta m'selo totchedwa maraibosomu. Kumeneko zilembo zimawerengedwa zitatuzitatu, ndipo zitatu zilizonse zimatchula kachidutswa kamodzi mwa mitundu 20 ya ma amino acid amene akalumikizana amapanga puloteni.

Tsopano tiyese aneni anuwo. Kufotokoza kumafuna pakamwa ndi womvera, ndipo jini lilibe zonse ziwiri. Mnzanuyo wangotsatira tanthauzo lina la mawu a Chingerezi, limene silikukhudzana ndi nkhaniyi. Kuonekera kuli pafupi, koma kumasokeretsa, chifukwa munthu adzaganiza za zooneka ndi maso monga msinkhu kapena mtundu wa khungu, pamene majini ambiri amagwira ntchito imene palibe angaione pagalasi. Kudzuka kwanuko n'kokoma, ndipo kuli ndi mnzake, kugona, amene akusonyeza bwino kuti chinthu chilipo koma chili duu. Koma tayesani kunena pa wailesi kuti "majini ake adzuka," mumve mmene anthu a ku Jali kapena ku Namwera angamvere. Kumeneko mwalowa kale m'nkhani ya mizimu.

Ine ndikupatsani aneni awiri. Ponena za nkhani yonse, nenani kuti kagwiridwe ntchito ka majini, ndipo mungathe kuwonjezera kuti jini likugwira ntchito kwambiri kapena pang'ono, chifukwa nkhaniyi ndi ya kuchuluka, si ya inde kapena ayi yokha. Ponena za mmene selo limasankhira, nenani kuti kutsegula ndi kutseka. Awa ndimawakonda chifukwa ndi zimene zimachitikadi. DNA imakulungidwa pa timapuloteni totchedwa ma histone. Pamene yakulungidwa mothina, makina okopera safikapo, jinilo latsekeka. Pamene yamasuka, jini latseguka ndipo likuwerengedwa. Mneniyu amalolanso kufunsa funso lenileni la ofufuza: watsegula ndani?

Oyamba kuyankha funsoli momveka anali François Jacob ndi Jacques Monod a ku Paris mu 1961. Anapeza kuti bakiteriya wa m'matumbo wotchedwa E. coli amakhala atatseka majini ogayira shuga wa mumkaka pamene shugayo palibe. Puloteni ina imakhala pa DNA n'kutchinga njira. Shugayo akapezeka, puloteniyo imachokapo, majini n'kutseguka. Analandira mphoto ya Nobel mu 1965 pamodzi ndi André Lwoff.

Koma pa wailesipo musathamangire ku Paris, chitsanzo chili m'nyanja yathu. Nsomba za m'banja la mbuna ndi utaka zili ndi majini 7 opangira mapuloteni a m'diso ozindikira mitundu ya kuwala. Nsomba ikakula, kawirikawiri imagwiritsa ntchito 3 okha, ndipo mitundu yosiyana imatsegula osiyana. Ina imaona kuwala kwa ultraviolet kumene diso la munthu silikuona, ina ayi, chonsecho majini onse 7 ili nawo. Msodzi aliyense angamve chiganizo ichi: "Majini ali nawo ofanana, koma amene atsegula ndi osiyana."

Za magawo awiri aja a ulendo wochokera pa jini kukafika pa puloteni, loyamba ndi kukopera, ndipo palibe angatsutse. Lachiwiri mabuku amalitcha translation, ndipo kumasulira kukukwana, popeza uthenga ukuchoka m'zilembo za RNA kupita m'zidutswa za puloteni. Kumbukirani kokha kuti anthu ambiri amadziwa mapuloteni ngati zakudya, nyemba, mazira ndi matemba. Muwauze kuti thupi limaphwanya amene tadyawo n'kumanga akeake potsatira malangizo a majini.

Mayi wina amene ndi namwino mumzinda uno afunsa motere: "Makolo a ana odwala sickle cell timawauza kuti matendawa ndi a m'magazi, otengera kwa makolo. Ena amabwerera kudzafunsa ngati ana anzake angatenge akamadyera mbale imodzi. Tikulakwitsa pati?"

Mayi, simukunama, koma mawu awiri akuwombana. Loyamba ndi kutenga ndi kutengera. Kutenga matenda ndi kwa chifuwa chachikulu, chikuku ndi kolera, matenda opatsirana. Kutengera ndi kumene timanena poti mwana watengera mphuno ya bambo ake. Kusiyana kwake ndi kaphatikizo kamodzi, ndipo kholo limene lili ndi nkhawa, mwana akulira kumsana, silingakamve. Nenani kuti "mwana anabadwa nawo, ndipo sangapatsire munthu," kenako mubwereze.

Lachiwiri ndi magazi. Tikamati "zili m'magazi" kapena "ndi magazi amodzi" timanena za mtundu ndi ubale, ndipo pamaliro kapena paukwati mawuwa ndi abwino. M'chipatala amasokoneza, makamaka masiku ano pamene anthu amva zambiri za HIV, imene imapatsiranadi kudzera m'magazi. Zoona zake n'zakuti mwana salandira majini kudzera m'magazi a makolo ake. Amawalandira mu dzira la mayi ndi umuna wa bambo. Maselo ofiira a magazi akakhwima alibe n'komwe phata, ndipo DNA imene amaipeza poyeza magazi imachokera m'maselo oyera. N'chifukwa chake munthu woikidwa magazi sasintha mtundu kapena khalidwe, ndipo ana ake sadzafanana ndi amene anapereka magaziwo.

Sickle cell imasokoneza kwambiri chifukwa imaonekeradi m'magazi. Gwero lake ndi jini la HBB pa kromozomu 11, pamene chilembo chimodzi chokha chinasintha, GAG n'kukhala GTG. Kusinthako kumaika kachidutswa kolakwika pamalo a 6 a puloteni ya himogulobini, imene imanyamula mpweya, ndipo maselo ofiira amapindika n'kumatseka timitsempha. Mwana amadwala pokhapokha walandira jini losinthikalo kwa makolo onse awiri. Wolandira kwa kholo limodzi kawirikawiri sadwala, ndipo amatetezekako ku malungo aakulu, monga Anthony Allison anasonyezera kum'mawa kwa Africa mu 1954. Pofotokoza chiwerengero samalani. Makolo onse akakhala onyamula jinilo, kuthekera ndi 1 pa 4 pa mimba iliyonse. Mukangoti "mwana mmodzi mwa anayi," kholo lidzamva kuti poti woyamba wadwala, atatu otsatira apulumuka.

Makolo amafunsanso chifukwa chake mwana anabadwa bwinobwino n'kudzayamba kudwala atakwanitsa miyezi 5 kapena 6, ndipo apa ndi pamene ena amayamba kuganizira anthu. Aneni aja a kutsegula ndi kutseka akuthandizani. Mwana ali m'mimba amagwiritsa ntchito majini ena opangira himogulobini ya ukhanda, imene ilibe vutoli. Akabadwa, thupi limatseka majini amenewo pang'onopang'ono n'kutsegula la HBB, ndipo matenda amayamba kuoneka. Mankhwala a hydroxyurea amathandiza thupi kupanganso himogulobini ya ukhanda yochulukirapo, n'chifukwa chake ululu umabwera patalipatali.

Zomwezi muzinene pa za ana achialubino, pakuti amayi ambiri asiyidwa ukwati powanamizira kuti vuto lachokera kwawo. Jini lake, limene kuno ku Africa nthawi zambiri ndi la OCA2, limachokera kwa onse awiri, bambo ndi mayi, ngakhale onsewo akhale akuda bii. Mawu oti "akumtundu" muwagwiritse ntchito mosamala, chifukwa funso lotsatira limakhala lakuti mtundu wa ndani. Yankho ndi lakuti mitundu yonse iwiri. Ndipo kuyamwira musakulowetsemo. Zoyamwira ndi zimene mwana waphunzira pakhomo, monga ulemu kapena lilime lakuthwa, ndipo matenda awiriwa sadzera m'bere.

Wina wafunsa mwachidule ngati tinene kuti DNA ya kapena DNA wa. Ndimamva zonse, koma ya ndiyo yafala: DNA yake, RNA yochuluka, monga timanenera kuti wailesi yake. Zilembozo zisiyeni momwe zilili, musalembe kuti diyeneyi. Pa mawu oti selo, ena amati selo ili, ena selo iyi. Sankhani chimodzi ndipo musasinthe pakati pa nkhani.

Lomaliza lachokera kwa bambo wina wa ku Thondwe: "Kodi kuyeza DNA si kufufuza bambo wa mwana? Nanga bwanji kuchipatala anati ayeza DNA pa khanda la mlongo wanga?"

Bambo, mtima ukhale pansi, palibe amene akukayikira mlamu wanu. Kuyeza DNA kuli mitundumitundu. Khanda lobadwa kwa mayi amene ali ndi HIV amaliyeza pofufuza DNA ya kachiromboko, chifukwa kuyeza kwa masiku onse kuja kumapeza asilikali a m'thupi amene khanda limalandira kwa mayi ake ngakhale lilibe kachirombo. Njira yake ndi PCR, imene Kary Mullis anaitulukira mu 1983. M'Chichewa tinganene kuti kuchulukitsa DNA: kachigawo kamodzi kamakoperedwa kukhala tiwiri, tiwiri kukhala tinayi, ndipo pofika ulendo wa 30 tapitirira 1 biliyoni, tokwanira kuti makina atione. Makina a GeneXpert amachita zomwezo ndi makhololo pofufuza chifuwa chachikulu, ndipo m'maola pafupifupi 2 amanenanso ngati kachiromboko kakukana mankhwala a rifampicin. Poyeza kuchuluka kwa HIV mwa munthu amene akumwa ma ARV, amawerenga RNA ya kachiromboko m'mililita imodzi ya magazi, atayamba aisandutsa DNA. Ofufuza a m'mayunivesite amagwiritsa ntchito njira yomweyo pofuna kudziwa ngati jini latseguka: amawerenga RNA yake, ikachuluka ndiye kuti jinilo likugwira ntchito kwambiri. A zaumoyo ndikuwapempha kuti asamalekeze pa "tiyeza DNA." Azimaliza chiganizo: "tiyeza DNA ya kachirombo, kuti tidziwe ngati mwana akufunika mankhwala."