Kafukufuku wofika m'makwalala athu

Achimwene, mwafunsa ngati kafukufuku wa kusintha kwa nyengo m'mizinda amathandizadi munthu wa ku Ndirande kapena ku Chilobwe, kapena amangothera m'mashelefu a kuyunivesite. Wina amatheradi komweko, sindikana. Koma si yense.

Amene ine ndimamudalira ndi uja eni dera amachita nawo okha. Bungwe la CCODE, lomwe limathandiza anthu osauka a m'mizinda kutukula madera awo, pamodzi ndi magulu osunga ndalama otchedwa Federation, omwe ambiri ndi amayi, lakhala likuyenda ndi anthu a m'madera ngati Mtandire ku Lilongwe kuwerenga nyumba ndi kujambula mapu: ngalande yatsekeka pati, madzi amayamba kulowa m'nyumba ziti, zimbudzi zili motani. Anthu akapita kukhonsolo ndi mapu otere, amakhala ndi umboni m'manja, osati madandaulo okha.

Kumbukirani namondwe wa Freddy mu Marichi 2023. Matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zinakwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe. Mvula inali yoopsa ndithu, koma phirilo linali litadulidwa mitengo, ndipo nyumba zinakwera mpaka m'malo otsetsereka momwe madzi amadutsa. Kuyeza nthaka ndi kusonyeza malo oopsa pasadakhale ndi ntchito yeniyeni ya ofufuza.

Chimene chimandiwawa n'chakuti mapu okha sasamutsa munthu ngati palibe pomupatsa poti amangepo. Ndiye ofufuza akafika kwanuko, afunseni kuti zotsatira adzazibweretsa liti pabwalo la amfumu, m'Chichewa, khansala alipo.