Musanagule chigayo chachiwiri, gulani kaye kope

Achimwene a ku Kamwendo, kalata yanu yandikumbutsa bala lakale. Mwati munaphunzira zamagetsi, chigayo chanu chikudzaza anthu, ndiye mukufunsa ngati mutenge ngongole yogulira china. Ngongole imeneyo ine ndinaitenga.

Kunali ku Santhe. Mzere wa ndowa unkatuluka pakhomo mpaka pansi pa mtengo wa mango, amayi ena n'kusenza chimanga chawo kubwerera osagayitsa. Mtima unkandiwawa. Ndinapita ku Lilongwe, ndinabwera ndi chigayo china. Patatha miyezi itatu mzere unali womwewo, ngongole ili pakhosi.

Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti mota ikatentha sindithamangira kugula ina. Ndimatenga mita, ndimayeza, ndimafufuza pamene pali vuto. Koma pa bizinesi yanga ndinangoyendera maso.

Ndiye ndinagula kope, ndinakhala pabenchi masabata awiri, ufa uli mbuu m'tsitsi, ndikulemba nthawi imene ndowa yalowa ndi imene yatuluka. Zigayo zonse ziwiri sizinkachedwa ayi. Anthu ambiri ankayamba akonoletsa, ndipo chokonolera chinali chimodzi chokha. Chinanso, mnyamata amene ankathira chimanga ndi yemweyo ankalandira ndalama. Akapita kugolosale kukasaka chenji, makina ankangolira opanda kanthu, mayunitsi akutha. Ndinalemba mtsikana wolandira ndalama, ndinagulitsa chigayo chachiwiricho motchipa, n'kugula chokonolera.

Pajatu kwathu kuno chigayo chikamayenda bwino anthu amati mwini wake ndi wokhwima. Mawu amenewa amandikwiyitsa kwambiri, chifukwa amaphunzitsa achinyamata kuti palibe choyeza, palibe chowerengera. Bodza limenelo! Mu Januwale 2022 namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, magetsi n'kumazima maola ambirimbiri. Anzanga ankangokhala pakhonde kudikira. Ine ndinkalemba nthawi imene ayaka, ndipo masiku ambiri ndinkatsegula kusanache. Mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, malamba, masefa ndi maberingi zinakwera mtengo. Chifukwa kopelo linkandiuza kuti sefa imodzi imatha ikagaya ndowa zingati, mtengo watsopano wogayitsira ndinauwerengera madzulo amodzi, osadikira kuonera kwa mnzanga wa tsidya la msewu.

Nanga inu mutani?

Musasaine kalikonse mwezi uno. Yezani masabata awiri, ndipo tsiku la msika likhalemo. Kumbukiraninso kuti mzere wa mu Juni, anthu atangokolola, si wa mu Febuluwale nkhokwe zitatha, pomwe ngongole idzafuna ndalama zake miyezi yonse. Mukapeza kuti chigayocho sichipuma kuyambira m'mawa mpaka madzulo ndipo anthu akubwererabe, pitani mukatenge ngongoleyo. Mukapeza zina, munditumizire masamba a kopelo tidzaonere limodzi.