Kujambula Jal Mahal: foni ikwana, bola mulawirire

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene akuperekeza mchemwali wake kuchipatala ku India. Akuti akakhala ndi masiku awiri opuma ku Jaipur, ndipo mtima wawo uli pa Jal Mahal, nyumba yachifumu ija yooneka ngati ikuyandama pa nyanja ya Man Sagar. Akufunsa ngati foni ikwana, komanso ngati angakwere boti kuti akaijambule pafupi.

Mayi, za boti iwalani. Alendo wamba salowamo. Aliyense amajambulira kumtunda, pa kanjira ka oyenda pansi kamene kali m'mbali mwa msewu wopita ku Amer. Musadandaule nazo, chifukwa kukongola kwa nyumbayi ndi madzi aizungulirawo. Ili ndi nsanjika 5, koma nyanja ikadzaza 4 zimamira, n'kutsala yapamwamba yokha ndi timadenga take tozungulira. Mvula kumeneko imagwa kuyambira Julayi mpaka Sepitembala, ndiye mukapita mvula itangotha mukapeza madzi ali tho. Cha mu Meyi kumatentha koopsa ndipo madzi amaphwera.

Foni ikwana, vuto ndi nthawi. Kanjira kaja kali kumadzulo kwa nyanja, choncho dzuwa limatulukira kuseri kwa nyumbayo, pamwamba pa mapiri a Aravalli. Fikani kusanache. Nthawi imeneyo mphepo imakhala isanayambe, madzi ali zii, ndipo nyumbayo imaonekanso m'madzi ngati pagalasi. Dinani pa foni pamene pali thambo, kenako chepetsani kuwala pang'ono. Nyumba idzade, thambo lifiire. Gwadani kuti foni ikhale pafupi ndi madzi, ndipo onetsetsani kuti mzere wa madzi sunapendekeke. Chithunzi chopendekeka chimaoneka ngati nyanja ikutayikira mbali imodzi, ine chimandinyansa.

Mukafuna mtundu weniweni wa miyala yake, bwererani madzulo dzuwa lili kumsana kwanu. Koma pamenepo pamakhala chipwirikiti: ogulitsa zibangili, eni ngamila, ena obwereketsa zovala zojambulitsira za ku Rajasthan, chigawo chimene kuli Jaipur. Si zoipa, mwina zithunzi za anthuwo n'zimene abale kunyumba adzazikonde kwambiri, bola mupemphe kaye musanajambule munthu. Kukada amayatsa magetsi pa nyumbayo; tsamiritsani foni pa kakhoma kuti isanjenjemere.

Chinthu chimodzi chokha musachite: kukoka chithunzi ndi zala kuti nyumba iyandikire. Chimatuluka chosaoneka bwino. Ngati foni yanu ili ndi lenzi yoyandikitsira zinthu ya 2x kapena 3x, gwiritsani ntchito imeneyo basi. Ngati ilibe, isiyeni nyumbayo ikhale yaing'ono pakati pa madzi ndi mapiri, mbalame zikudutsa.

Tsiku lachiwiri, uzani woyendetsa tuk-tuk kapena takisi akukwezeni msewu wa kuphiri wopita ku linga la Nahargarh. Pali malo oimapo pamene nyanja yonse imaonekera pansi, Jal Mahal ili pakati ngati kabokosi ka machesi. Mu Disembala ndi Januwale kumachita nkhungu m'mawa, ndiye kumeneko pitani dzuwa litakwera.