Yang'anani kaye zilembo zitatu zija pa tikiti

Achemwali, funso lanu la sitima yopita ku bwalo la ndege ku Frankfurt latosa bala langa. Musanaganize n'komwe za sitima, tsegulani tikiti ya ndegeyo. Palembedwa FRA (bwalo lalikulu la Frankfurt) kapena HHN (bwalo lina la ndege lakutali, la ku Hahn)?

Ine mu November 2023 tikiti anandigulira mnyamata wina wodzitcha ejenti pa WhatsApp. Anangoti "mukakwerera ku Frankfurt, mayi", ine n'kumutumizira ndalama. Tsikulo ndinanyamuka ku Mainz m'bandakucha pa sitima ya S8, Deutschlandticket yanga (tikiti ya pamwezi yokwerera sitima ndi mabasi a m'zigawo mu Germany monse) ya 49 euro ili m'foni, ndipo pangotha theka la ola ndafika. Siteshoniyo ili pansi penipeni pa Terminal 1, mumangokwera masitepe oyenda okha aja basi mwatulukira m'holo. Ndinaima pa bolodi lalikulu lija kusaka ndege yanga. Kuwerenga kuchokera pamwamba mpaka pansi, kubwerezanso, kachitatu ndikuchita kuloza ndi chala. Palibe. Ndinathamangira kwa mayi wina wa pa desiki. Anayang'ana foni yanga, n'kuika chikhadabo chake pa HHN, n'kundiyang'ana mwachisoni. Hahn. Makilomita oposa 100 kumadzulo, kumapiri a Hunsrück, mbali yomweyo imene ndinachokera! Kumeneko kulibe sitima yonyamula anthu, mumapita pa basi, maola pafupifupi awiri. Ndege inali itatsala ndi ola limodzi ndi theka.

Miyendo inangoti zii. Ndinakhalira sutikesi pakati pa anthu, jekete lili m'manja, thukuta kamukamu chonsecho kunja kukuzizira koopsa. M'sutikesimo munali diresi la ukwati wa mng'ono wanga, ukwati wake mawa lake. Ndinaimbira mnyamata uja kasanu ndi kawiri. Mauthenga akuwerenga, kuyankha ayi. Pofika masana anali atandibuloka. Munthu wadya ndalama yanga, amadziwa bwinobwino kuti mabwalowa ndi awiri, koma kulemba liwu limodzi lokha loti Hahn kunamukanika? Anthu oterewa alibe chisoni, amangoona kuti ndife alendo sitidziwa kanthu. Mng'ono wanga analira pa foni, ine mpaka lero zithunzi za ukwatiwo sinditha kuziyang'ana nthawi yaitali.

Ngati yanu ndi FRA, mtima m'malo, sitima ndiye njira yabwino kuposa zonse. Kungoti masiteshoni pamenepo ndi awiri. Wapansi uja, Regionalbahnhof, ndi wa S8, S9 ndi sitima zina za m'chigawo. Winawo, Fernbahnhof, anautsegula mu 1999 ndipo ndi wa ICE ndi zinzake zopita kutali. Kuchokera kumeneko kupita ku Terminal 1 pali kamtunda koyenda pa mlatho wotseka, ndi katundu mumatopa. Deutschlandticket siigwira pa ICE kapena IC, musayerekeze olo mutachedwa bwanji, mudzalipira zambiri. Komanso S8 ndi S9 zimapita mbali zonse ziwiri, ina ku Wiesbaden, ina kudutsa mumzinda wa Frankfurt kulowera ku Offenbach ndi Hanau, ndiye werengani dzina lili kutsogolo kwa sitimayo. Onaninso terminal yanu, chifukwa ngati si 1 mudzafunika kukweranso kasitima ka SkyLine.

Musakhulupirire munthu aliyense pa nkhani ya ulendo, werengani nokha chilichonse. Koma mukasokonezeka pa siteshoni funsani ndithu, anthu amathandiza, mayi wa pa desiki uja anachita kundilembera papepala pokwerera basi. Ndipo ngati n'koyamba, pezani ejenti wodalirika akugulireni tikiti ya ndege, zapaintanetizi zimasokoneza, koma zilembo zitatu zija muwerenge nokha. Ine ndimagulabe kwa ejenti, wina osati uja. Nyamukani ndi sitima ya patsogolo pa imene mukuiona ngati yokwanira.