Kamera ya MiniDV ikukana kulowetsa vidiyo mu kompyuta: yankho kwa bambo a ku Nchalo

Bambo wina wa ku Nchalo watilembera pa imelo. Ali ndi kamera ya Sony Handycam, ya matepi ang'onoang'ono a MiniDV, imene alamu awo anawabweretsera kuchokera ku Johannesburg zaka zapitazo. M'katoni asunga matepi a chinkhoswe, a ukwati, a kwaya ya kutchalitchi kwawo, ndi ina ya madzi osefukira a mu Januwale 2015. Atalumikiza kamerayo ku laputopu ndi chingwe cha USB, palibe chimene chinatuluka. Atabwereka kompyuta yakale ya desktop ndi chingwe china, vidiyo inayamba kulowa koma inaduka patangotha mphindi 18, ndipo chithunzi chake chinali ndi timabokosi ndi mizere yopingasa. Akufunsa ngati kamera yafa.

Bambo, kamera yanu siinafe ayi. Mwakumana ndi mavuto atatu osiyana, lina la chingwe, lina la disiki, lina la tepi, ndipo lililonse lili ndi mankhwala ake. Koma musanakhudze china chilichonse, siyani kaye kuyesera ndi matepi ofunikawo. Tepi ya MiniDV ndi yopyapyala kwambiri, ndipo nthawi iliyonse imene ikuzungulira m'kamera yakuda m'kati ikhoza kukandika kapena kutafunidwa. Kumsana kwa tepi iliyonse kuli kachotsekera kolembedwa REC ndi SAVE. Kakankhireni ku SAVE pa matepi onse kuti musafufute kanthu mwangozi, kenako sankhani tepi imodzi yosafunikira kwenikweni yoti muziyesera.

Tiyambe ndi USB. Pa makamera ambiri a MiniDV, kabowo ka USB anakaikira zithunzi za pa memory card, kapena vidiyo yochepa mphamvu yongotumizira pa intaneti. Vidiyo yeniyeni ya pa tepi imatulukira pa kabowo kena kakang'ono kolembedwa DV kapena i.LINK, kamene nthawi zambiri kamabisala kuseri kwa kachivundikiro ka labala. Dzina lake lodziwika ndi FireWire, ena amalemba IEEE 1394. USB siinatulutse kanthu chifukwa tepi siikhala ndi mafayilo oti muwakopere. Kamera imaseweretsa tepiyo, kompyuta n'kumalandira pompo, ndiye tepi ya ola limodzi imatenganso ola lathunthu. Palibe njira yachidule.

M'mashopu ena komanso pa intaneti mupeza zingwe zokhala ndi USB mbali ina ndi FireWire mbali inayo. Musatayepo ndalama. USB ndi FireWire zimatumiza uthenga m'njira zosiyana kotheratu, ndipo waya wamba sangathe kusandutsa china kukhala chinzake. Chofunika ndi kompyuta imene ili ndi FireWire yakeyake. Malaputopu ambiri akale anali ndi kabowo ka mapini 4, kofanana ndi ka pa kamera, choncho laputopu yakale imene wina anaiika pansi pa bedi ikhoza kukuthandizani kuposa yatsopano. Pa desktop imene ilibe, mumagula khadi ya FireWire yolowetsa pa mpata wotchedwa PCIe m'kati mwa bokosi la kompyuta. Mukakwera ku Blantyre kapena ku Limbe kukafunafuna, yang'anani dzina lolembedwa pa kachipu kakuda ka pa khadipo. Za Texas Instruments ndi zimene sizivuta kawirikawiri ndi makamera, ndipo za VIA nazo zimagwira.

Apa pali ngozi imene yapha makamera ambiri. Kabowo ka mapini 6 ka pa desktop kamakhala ndi magetsi, pamene ka mapini 4 ka pa kamera kalibe. Chingwe chikalowa mopendekera kapena chozondoka kompyuta ili yoyaka, magetsi aja amagunda mapini a uthenga n'kuwotcha FireWire ya kamera, ndipo kukonza kwake n'kovuta. Zimitsani zonse ziwiri, lumikizani chingwe mosakakamiza, yatsani kompyuta, kamera pamapeto. Kamera ikhale pa PLAY kapena VCR, osati pojambulira, ndipo ikhale pa chaja batire lili momwemo.

Popeza pa kompyuta yobwereka ija vidiyo inalowa, ndiye kuti FireWire ya kamera yanu ili moyo. Mukadzaika khadi pa kompyuta ina n'kuona kuti kamera siikuoneka, tsegulani Device Manager, malo a mu Windows oonetsa zipangizo zonse zolumikizidwa ku kompyuta. Khadi iyenera kuoneka pa IEEE 1394 host controllers, ndipo mukayatsa kamera payenera kutuluka dzina latsopano, kawirikawiri pa Imaging devices. Khadi ikamaoneka koma kamera ayi, yesani chingwe china choyamba, chifukwa timapini ta mbali yaing'ono timapindika msanga. Zikakanikabe pa Windows yatsopano, ikani driver (kapulogalamu koyendetsa khadiyo) ya Microsoft yotchedwa 1394 OHCI Compliant Host Controller Legacy m'malo mwa imene Windows yasankha yokha. Pulogalamu yolandirira vidiyo siifunika kukhala yapamwamba. WinDV ndi yaulere, ndi yaing'ono, ndipo imasunga vidiyo monga ilili pa tepi, osaifinya.

Za mphindi 18 zija n'zosavuta. Vidiyo ya DV imadya malo pafupifupi 13 GB pa ola. Disiki kapena fulashi imene ili pa FAT32, njira yakale yosungira mafayilo, siilola fayilo imodzi kupitirira 4 GB, ndipo 4 GB ya DV ndi mphindi 18 kapena 19 basi. Tikukhulupirira kuti munkasungira pa fulashi kapena pa disiki yakunja. Dinani disikiyo ndi batani lakumanja la mausi, pitani pa Properties, muone pa File system. Ikakhala FAT32, koperani kaye zimene zilimo kwina, kenako ifomateni kukhala NTFS, njira imene imalola mafayilo aakulu, pokumbukira kuti kufomata kumafufuta zonse. Werengeraninso malo pasadakhale: matepi 20 a ola limodzi akufuna pafupifupi 260 GB. Fulashi wamba musalandirirepo vidiyo ngakhale ili pa NTFS, chifukwa nthawi zina imachedwa kulemba, tizithunzi tina topanga vidiyoyo n'kudumphidwa. WinDV imaonetsa nambala ya tizithunzi totayika, ndipo iyenera kukhala pa 0 kapena pafupi pomwepo. Ikamakwera, tsekani mapulogalamu ena onse, chotsani intaneti, ndipo letsani kompyuta kugona yokha. Magetsi akathima tepi ili pakati mudzayambiranso, choncho desktop ikhale pa UPS, kabokosi kosunga magetsi, kapena pa invata ya sola.

Tsopano timabokosi ndi mizere, pamene pafunika kudekha. Tsegulani kasikirini ka kamera, museweretse malo omwewo kompyuta itachotsedwa. Ngati timabokosi tikuonekanso pamenepo, kompyuta ndi chingwe zilibe mlandu. M'kati mwa kamera muli kachitsulo kozungulira kokhala ndi mahedi awiri ang'onoang'ono owerenga tepi. Limodzi likada, chithunzi chimatuluka ndi mizere ikuluikulu yopingasa, ina yabwino ina yoima, mawu n'kumaduka. Makamera a Sony nthawi zina amalemba C:22 posonyeza kuti mahedi ada. Kuno kumunsi zimenezi n'zosadabwitsa. Fumbi la chilimwe limalowa paliponse, ndipo ku Nchalo kuli phulusa louluka la nzimbe zowotchedwa nthawi yodula. Kamera yojambula ukwati panja, tepi n'kumasinthidwa anthu akuvina pafumbi, siingakhale yoyera m'kati.

Mankhwala ake ndi tepi yotsukira mahedi ya MiniDV. Mumaiika, n'kudina PLAY masekondi 10 okha, n'kuitulutsa osaibweza m'mbuyo, kenako n'kuyesa ndi tepi yanu yoyesera ija. Mukachita katatu osasintha, lekani, chifukwa tepi yotsukira imapala mahedi pang'onopang'ono ngati sandipepa. Musalowetsemo thonje la m'makutu. Ulusi wake umakodwa pa hedi n'kulithyola, ndipo hedi likathyoka kamera yatha.

Ngati matepi ena akutuluka bwino koma ena ayi, onani pa sikirini ngati palembedwa SP kapena LP. Pa SP tepi imatenga mphindi 60, pa LP mphindi 90, ndipo ojambula maukwati ambiri ankakonda LP kuti tepi ikwane. Vuto lake n'lakuti pa LP timizere ta uthenga timakhala topanikizana, moti nthawi zambiri imawerengedwa bwino ndi kamera yokhayo imene inajambula. N'chifukwa chake tikukupemphani kuti kamera yanuyi musaigulitse kapena kuisinthanitsa musanamalize ntchito. Tepi imene yakhala zaka osazungulira muyambe mwaithamangitsa mpaka kumapeto n'kuibwezanso, kuti imasuke bwino.

Kutentha nako ndi mdani. Makamera amenewa anapangidwa kuti azigwira ntchito pakati pa madigiri 0 ndi 40, ndipo mu Okutobala ndi Novembala ku Ngabu, ku Bangula ndi ku Nsanje masana kumapitirira pamenepo, makamaka m'nyumba ya malata yopanda siling'i. Gwirani ntchitoyi m'mamawa kapena usiku, tepi imodzi kapena ziwiri, kamera n'kupuma. Nthawi ya dzinja vuto limasanduka chinyezi. Kamera ikaonetsa kachizindikiro ka dontho la madzi kapena C:21, tulutsani tepi, zimitsani, musiye chitseko cha tepi chotsegula kwa ola limodzi pamalo ouma. Musaiike padzuwa.

Simunatiuze ngati katoni ija inanyowapo, koma m'chigwa muno, pambuyo pa namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023, tiyenera kufunsa. Tengani tepi iliyonse, muiyang'ane pa kawindo kake pafupi ndi kuwala. Mukaona timadontho toyera kapena ulusi ngati wa kangaude m'mbali mwa mpukutu, chimenecho ndi chuku. Mukaona dothi louma m'makona, inalowa madzi amatope. Tepi yotere musaiike m'kamera ngakhale kamodzi, chifukwa imamatirira, imaduka, ndipo imadetsa mahedi n'kupatsira matepi abwino. Ipatuleni, muisunge payokha pouma, ipite kwa munthu wodziwa kutsegula ndi kutsuka matepi. Yambani ndi matepi oyera, okayikitsa adikire kumapeto.

FireWire ikasoweratu, pali njira yachiwiri: chingwe cha AV chija cha mitu yachikasu, yofiira ndi yoyera, cholumikiza ku kachipangizo ka USB kolandirira vidiyo. Imagwira, koma chithunzi chimafewa, ndipo tsiku ndi nthawi zimene kamera inalemba pa tepi sizipita nawo mu fayilo. Mukaigwiritsa ntchito, pulogalamu ikafunsa mtundu wa vidiyo, PAL kapena NTSC, sankhani PAL, popeza kamera ya ku South Africa ndi ya PAL monga ma TV athu kuno. Mukasankha NTSC chithunzi chimatuluka chopanda mtundu kapena chogudubuzika.

Mafayilo a AVI amene WinDV ikupatseni ndi aakulu, komabe musawafufute mukapanga ang'onoang'ono otumiza pa WhatsApp. Pa ang'onoang'onowo gwiritsani ntchito pulogalamu ya HandBrake, musankhe MP4, ndipo muyatse Deinterlace kuti manja a ovina asamaoneke ngati ali ndi mano a chipeso. Aakuluwo asungeni pa madisiki awiri, imodzi kwanu, ina kwa m'bale wa kumtunda, ku Thyolo kapena ku Blantyre, kumene madzi a Shire safika. Matepi nawonso muwabwezere m'tizikwama tawo, muwaimike chilili m'bokosi lotseka, pamwamba, kutali ndi masipika a wailesi chifukwa muli maginito.