Timu ikapuma dzulo, kodi lero ndiibetchere?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa m'bale wathu wina amene amagwira ntchito yaulonda ku Johannesburg. Akuti amaonera baseball ya ku America pafoni kuti tulo tisamube, poti gemu yoyamba 7 koloko madzulo ku New York, iye imamupeza 1 koloko usiku ali pageti. Funso lake ndi ili: "Ndaona kuti timu ikapuma dzulo lake, lero imasewera mwamphamvu. Ndikamabetcha timu yopumayo nthawi zonse, sindingapezepo kangachepe?"

Achimwene, zikomo polemba. Diso lanu silinakunamizeni, kupuma kumathandizadi. Koma chimene chimapuma kwenikweni ndi mkono wa woponya mpira, osati timu yonse, ndipo mpofunika kumvetsa bwino pamenepa musanatulutse ndalama m'thumba.

Mu MLB, ligi yaikulu ya baseball ku America, timu iliyonse imasewera magemu 162 m'miyezi isanu ndi umodzi, kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Seputembala. Masiku opuma amangopitirira 20 pang'ono, kuphatikizapo tchuthi cha All-Star mu Julayi, ndipo ambiri mwa masikuwa amathera m'ndege. Omenya mpira anazolowera moyo umenewu. Amene sangapirire ndi woponya. Munthu akaponya mipira pafupifupi 100 usiku umodzi, phewa ndi chigongono zimafuna masiku anayi, nchifukwa chake matimu amakhala ndi oyambitsa gemu asanu osinthana. Ku Japan, komwe sizoni ili ndi magemu 143 ndipo Lolemba nthawi zambiri sasewera, woponya amalowa kamodzi pasabata. Woponya wa ku Japan Yoshinobu Yamamoto atafika ku Los Angeles Dodgers mu 2024, timuyo inapitiriza kumupatsa masiku owonjezera opuma m'malo momukakamiza kutsata chizolowezi cha ku America.

Koma pamene ine ndimayang'anitsitsa ndi pa bullpen, anyamata aja amene amakhala kuseri kwa mpanda kudikira kuitanidwa gemu ikamapita kumapeto. Yerekezani timu yasewera magemu atatu otsatizana othina, kusiyana ndi run (pointi) imodzi yokha. Mphunzitsi wagwiritsa ntchito woponya wake wodalirika wotsekera gemu Lachisanu ndi Loweruka. Lamulungu, inning ya 9, yomwe ndi gawo lomaliza la gemu, akutsogola 4-3, mumamuona akuyang'ana foni ya pabenchi yoitanira ku bullpen koma dzina lomwe akufuna sangalitchule, chifukwa aphunzitsi ambiri safuna kuponyetsa munthu masiku atatu otsatizana. Amalowa wina wosadalirika, gemu nkutayika. Tsiku limodzi lopuma limabweza mikono yonseyo. Apa ndi pamene pali phindu lenileni la kupuma.

Ulendo nawonso uli ndi gawo lake. Pakati pa Los Angeles ndi New York pali kusiyana kwa maola atatu. Mu 2017 ofufuza a ku Northwestern University anaunika magemu oposa 40,000 a pakati pa 1992 ndi 2011, napeza kuti ulendo wolowera kum'mawa umasokoneza thupi kwambiri, ndipo oponya otopa ndi ulendo ankamenyedwa ma home run (mipira yotuluka kunja kwa mpanda) ochuluka. Inu amene mumagona masana mukudziwa bwino mmene thupi limakanira likasinthidwa nthawi.

Nanga kupuma kukachuluka? Anthu amakonda kutchula Colorado Rockies ya 2007, imene inapambana magemu 21 mwa 22, nkukhala masiku 8 osasewera, kenako Boston Red Sox nkuikwapula magemu 4-0 mu World Series, fainolo ya MLB. Mu 2023 Atlanta, Baltimore ndi Dodgers, onse opambana magemu 100 kapena kuposa, anapuma masiku asanu nkugwa pa ndime yawo yoyamba yolimbirana chikho. Anthu anati dzimbiri. Komatu Houston inapumanso chimodzimodzi mu 2022 nkutenga chikho, ndipo mu 2024 Dodgers ndi Yankees, onse opuma, ndiwo anakumana mu World Series. Ine sindikhulupirira kuti zitsanzo zowerengeka chonchi zingamuuze munthu poika ndalama. Mu baseball ngakhale timu yabwino kwambiri imagonja pafupifupi magemu anayi pa khumi alionse, ndiye kugwa pa mpikisano wa magemu asanu si chachilendo.

Tsopano za kubetcha, ndipo ndilankhula mosabisa chifukwa ndalama yaulonda imabwera ndi kuzizira kwa usiku. Ndandanda ya magemu imatuluka chaka chisanayambe. Dzina la woponya woyamba limalengezedwa masiku angapo gemu isanafike. Mipira imene aliyense waponya dzulo ili pa intaneti. Zonse zomwe ndafotokozazi a kampani yobetchera amazidziwa inu musanadzuke, ndipo amakhala ataziika kale mu ma odds. Timu yopuma ikakhala ndi mwayi wokulirapo, malipiro ake amatsika.

Pamwamba pa apo amadulapo gawo lawo. Matimu awiri akakhala ofanana mphamvu, kawirikawiri mbali iliyonse imalipira 1.91. Mukabetcha R100 maulendo 100, mwatulutsa R10,000. Mukalondola 50, mubweza R9,550 basi. Kuti mungotsala ndi kaphindu muyenera kulondola 53, ndipo muzitero mwezi ndi mwezi, polimbana ndi anthu amene ntchito yawo ndi imeneyi usana ndi usiku.

Chimene ndingakupempheni nchakuti mugule kope. Kwa miyezi iwiri musaike ngakhale R1. Usiku uliwonse lembani timu imene inapuma, ma odds ake gemu isanayambe, oponya a bullpen amene anagwira ntchito masiku awiri apitawo, ndi zotsatira. Lembani magemu onse, ogonja omwe, chifukwa mtima umasunga opambana okha. Pakutha pa miyezi iwiriyo muwerengetse ngati kuti munabetchadi R100 gemu iliyonse, ndipo munditumizire chithunzi cha tsambalo tidzaonere limodzi.