Usaisiye kosi ya logic, mwanawe

"Ndili chaka chachitatu m'maphunziro a kompyuta. Ndikufuna kusiya kosi ya logic poti ndamva kuti kuli mapulogalamu amene amatembenuza zofuna za kasitomala kukhala formal specification (malongosoledwe a m'masamu a zimene pulogalamu iyenera kuchita). Bambo akuti masamu akungonditayitsa nthawi, ndiphunzire kupanga mawebusayiti ndiyambe kupeza ndalama. Nditani?"

Makalata otere akundipeza pafupipafupi, ndipo akunditopetsa. Mwanawe, wamva mbali imodzi yokha ya nkhani.

Mapulogalamuwo alikodi. FRET ya ku NASA imalandira chiganizo cha Chingerezi cholembedwa motsata dongosolo lake, n'kuchisandutsa temporal logic, yomwe ndi logic yofotokoza zimene ziyenera kuchitika ndi nthawi yake. Koma isanatero imafuna uiuze mbali ya makina imene ichite ntchitoyo, zimene ziyambe zachitika, ndi nthawi yake. Tiyerekeze kasitomala wakuuza kuti, "Sitima ikaima, zitseko zizitseguka." Nanga ikaima pakati pa mlatho chifukwa magetsi azima? Zitseguke mbali iti, patapita masekondi angati? Iye sananene, poti kwa iye n'zodziwikiratu. Pulogalamu imasulira zimene walemba, ndipo ukalemba zolakwika izimasulira mwaukhondo ndithu. Za AI zatsopanozi n'zoopsanso kuposa apa: zimatha kudzaza zokha malo amene kasitomala anasiya. Uzigwira bwanji ngati sutha kuwerenga zimene zatulutsa?

N'chifukwa chake ndikuti khalabe m'kalasimo. Mbali zofunika kwambiri za pulogalamu ya sitima zopanda dalaivala za Line 14 ku Paris, yomwe inatsegulidwa mu 1998, zinalembedwa pogwiritsa ntchito B method ya Jean-Raymond Abrial, njira yolembera mapulogalamu motsimikizira ndi masamu kuti ndi olondola. Mainjiniya a Amazon Web Services akhala akugwiritsa ntchito TLA+ ya Leslie Lamport, chilankhulo cholembera formal specification, kuyambira 2011, ndipo anapeza nayo zolakwika zimene kuyesa kwa masiku onse kunaziphonya. Zonsezi zaima pa logic ndi set theory, zomwe ukufuna kuzithawazo.

Inu bambo, mawebusayiti mwanayu angaphunzire patchuthi. Musamuchotse pa chinthu chovuta chifukwa choti chosavutacho chikulipira msanga.

Komanso ndisakunamize: ntchito za formal methods, kutanthauza njira zamasamu ngati zimenezi, n'zochepa, zambiri zili m'makampani a ndege, sitima ndi ma chip, ndipo kawirikawiri amafuna masters kapena PhD. Digiri yoyamba yokha siikufikitsa kumeneko.

Poti wafunsa usanasiye, ulipo mwayi. Tsitsa TLA+ kapena inzake yotchedwa Alloy, zonse n'zaulere, ulembe malamulo a chikepe cha m'nyumba ya nsanjika zitatu, uone ngati sichinyamuka chitseko chili chotsegula. Ukatero undilemberenso.